Phungu si wogula mabokosi

Kwathu phungu timamusaka pakagwa maliro. Timafuna bokosi, galimoto yonyamula thupi, thumba la chimanga. Akatipatsa, timati ndi munthu wabwino. Koma mayi amene tikukamuikayo wamwalira chifukwa pachipatala chathu panalibe mankhwala, ndipo ambulansi inalibe mafuta. Za izi palibe amamufunsa. Ine ndatopa nako kuombera m'manja bokosi.

Mu 2001, ku Abuja, atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Bajeti ya Malawi amaivomereza ndi aphungu ku Lilongwe, chaka ndi chaka. Ndani mwa ife anaimikapo phungu wake n'kumufunsa kuti, "Bwana, pa ndalama za zipatala munanenapo chiyani?"

Ena amati aphungu samva. Si zoona. Mu 2017 bilu ya HIV ndi Edzi inali ndi ndime zolanga munthu wopatsira mnzake kachilombo, komanso zokakamiza amayi oyembekezera kuyezetsa magazi. Amayi omwe ali ndi kachilomboka sanakhale pakhomo. Anakakumana ndi aphungu n'kuwauza poyera kuti amene amayamba kuyezedwa kusikelo ndi mayi, ndiye kuti woyamba kumangidwa adzakhalanso mayi. Ndimezo zinachotsedwa biluyo isanavomerezedwe mu Novembala.

Mwezi wamawa phungu wathu akubwera kudzagawa mipira kwa anyamata. Ndalemba kale mayina a mankhwala amene akusowa pachipatala, ndipo ndidzamuwerengera pamaso pa mafumu, mipirayo asanaitulutse m'galimoto.