MUSATHAMANGIRE KUGULA BATIRE: YAMBANI MWAONA POLUMIKIZIRA

Alimi anzanga a kumapiri kuno ku Dedza, inu olembetsedwa ndi inunso amene mumalima m'maesiteti, nyengo yotumiza zokolola kumsika ndi nyengo yomweyonso imene magalimoto athu akale amakonda kukana kulira. Fodya amapita ku okushoni ku Kanengo kuyambira cha mu April mpaka cha mu August. Mbatata ya kachewere, kabichi, nyemba ndi matimati zimachoka ku Bembeke, ku Lobi ndi ku Mayani kupita ku Lizulu, ku Chimbiya ndi ku Lilongwe. Miyezi imeneyi ndiyo ya chisanu. Tsono galimoto ikangokana m'maŵa, mau oyamba amene timamva ndi akuti, "Batire latha." Mwini galimoto amathamanga kukakongola ndalama nagula batire latsopano, koma pakatha sabata imodzi kapena ziŵiri, matenda aja abweranso.

Chimene ndifuna kukuuzani ndi ichi: pa galimoto yakale, vuto la magetsi kaŵirikaŵiri silikhala m'kati mwa batire, mwa sitata kapena mwa alternator ai, koma pamene zinthu zimenezi zalumikizana. Mutu wa batire wadzimbiri, waya wa earth wokhwepa, lamba wolefuka, izi ndizo zimatidyera ndalama. Choncho musagule kanthu musanayese. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

CHIFUKWA CHAKE VUTOLI LIMAKULA KUNO

Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000. Mu June ndi July kuzizira kwa usiku kumatsika pansi pa madigiri 10. Chisanu chimachita zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi: chimachepetsa mphamvu imene batire lingatulutse, ndiponso chimalimbitsa oilo wa mu injini, kotero kuti sitata imafuna mphamvu yambiri kuposa masiku onse. Ngati galimoto ili ya dizilo, mahita ake amayamba amwako mphamvu sitata isanazungulire n'komwe.

Pamwamba pa chisanu pali nkhungu, imene imasiya chinyezi pa zitsulo ndi kubweretsa dzimbiri. Misewu yathu yafumbi imagwedeza manati mpaka kukhwepa. Nthaŵi yokolola makoswe amachuluka, ndipo galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe amaisandutsa nyumba nadya mawaya ake.

Kumbukiraninso zaka za magalimoto amene timadalira. Nissan 1400 analeka kuipanga ku South Africa mu 2008, ndipo Peugeot 404 inalekeka ku Kenya mu 1991. Ndiye kuti ngakhale yomalizira kupangidwa, mawaya ake aona mvula zaka zoposa 15. Koma ukalamba umenewu uli ndi ubwino wake. Magalimoto otere, pamodzi ndi Hilux ndi Land Rover zakale, alibe kompyuta. Mawaya ake ndi oŵerengeka, ndipo mlimi wodekha angathe kuwalondola ndi maso ndi manja.

M'MENE MAGETSI AMAYENDERA

Magetsi amayenda ngati madzi a mu ngalande yothirira dimba: pamene patsekeka pang'ono, kumunsi kumafika madzi ochepa. Kusiyana kwake n'kwakuti magetsi ayenera kubwerera kumene achokera. Amatuluka pa mutu wa batire wolembedwa (+), nayenda m'waya kufika ku nyali kapena ku sitata, kenaka nabwerera kudzera m'chitsulo cha galimoto ndi m'waya wa earth kufika pa mutu wolembedwa (−). Njira yobwerera imeneyi ndi imene anthu ambiri amaiiŵala.

Nyali imodzi yakutsogolo imamwa pafupifupi 5 amps. Sitata imamwa zoposa 100 amps, ndipo ya dizilo imapitirira apo kwambiri. Tsono polumikizira padzimbiri pangathe kudutsa magetsi okwanira wailesi ndi nyali, koma osakwanira sitata. N'chifukwa chake munthu amadabwa kuti, "Wailesi ikulira, hutala ikulira, nanga injini ikukaniranji?" Yankho lake kaŵirikaŵiri lili pa nati imodzi.

YESANI MOTSATANA CHONCHI

Choyamba, funsani nyali. Yatsani nyali zakutsogolo, wina aime patsogolo, inu mupotoze kiyi. Nyali zikazimiratu, kayikirani mitu ya batire kuti ndi yokhwepa kapena yakuda. Zikachita chizimezime ndipo sitata ikuzungulira mwaulesi, batire lafooka kapena earth siili bwino. Zikakhalabe zoŵala, osasintha konse, batire lilibe mlandu. Vuto lili pa kiyi, pa solenoid kapena pa sitata penipenipo.

Chachiŵiri, tsukani mitu ya batire. Zimitsani injini, masulani waya wa (−) poyamba, ndipo wa (+) pambuyo. Mukayamba ndi (+), sipanala ikakhudza chitsulo cha galimoto pamathetheka moto. Ufa woyera kapena wobiriŵira umene umamera pa mituyo muutsuke ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, koma madziwo asaloŵe m'kati mwa batire. Palani mutu ndi m'kati mwa chomangira chake mpaka ziŵale. Musanyengedwe ndi kunja kokongola, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pobwezera yambani ndi (+), malizani ndi (−), mangani zolimba, ndipo pakani girizi pang'ono pamwamba. Mutu umene ungatembenuke ndi dzanja sunamangidwe. Kukhomerapo msomali kapena kuumenya ndi mwala kumangothyola batire.

Chachitatu, londolani waya wa earth. Muutsate kuchokera pa (−) mpaka pamene wamangidwa pa chitsulo cha galimoto, ndiponso funani waya wina wonenepa wochokera pa chitsulocho kupita ku injini. Masulani, palani dzimbiri ndi penti, mangani. Ngati muli ndi waya wonenepa wojampira, lumikizani mutu wa (−) ndi chitsulo cha injini, nimuyesenso kiyi. Galimoto ikalira, mwaupeza mlandu: ndi earth.

Chachinai, onani lamba wozunguza alternator. Injini ili chozima, mukanikizeni ndi chala chachikulu pakati pake. Ayenera kuloŵa pafupifupi sentimita imodzi basi. Lamba wolefuka amaterereka, amalira ngati mwanapiye m'maŵa, ndipo batire silidzaza ngakhale muyende kuchokera ku Dedza mpaka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85. Onaninso kanyali kofiira ka chithunzi cha batire patsogolo pa dalaivala. Kayenera kuyaka mukatsekula kiyi ndi kuzima injini ikalira. Pa magalimoto ambiri akale, magetsi odzutsa alternator amadutsa m'kababu kameneka, kotero kuti kakapsa alternator ingathe kuleka kutchaja. Anthu ena ataya alternator yabwinobwino chifukwa cha kababu kotsika mtengo.

Chachisanu, yezani ndi mita. Kalabu iliyonse ya alimi imene ili ndi galimoto kapena imachita hayala kaŵirikaŵiri iyenera kukhala ndi kamita koyezera magetsi. Batire lodzaza limene lapuma usiku wonse limaonetsa 12.6 volts. Likaonetsa 12.2 latsala theka, ndipo likafika 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Pozunguza sitata lisatsike kupitirira 9.6. Injini ikulira, mita ionetse pakati pa 13.8 ndi 14.5, ikaonetsa pansi pa 13, batire silikulandira kanthu, ndipo latsopano lomwe lidzatha chimodzimodzi. Ikapitirira 15, batire likuphikidwa. Malole ambiri amayendera 24 volts ndi mabatire aŵiri. Yezani lililonse palokha, chifukwa limodzi lofooka limagwetsa linzake.

Chachisanu ndi chimodzi, funani wakuba wa usiku. Ngati batire limagona lodzaza koma kukacha lafooka, pali chimene chikulimwa. Zimitsani zonse, tsekani zitseko, chotsani waya wa (−), ndipo pakati pa wayayo ndi mutu wa batire ikanipo babu laling'ono la 12 volts lokhala ndi mawaya aŵiri. Babu likayaka kwambiri, zulani mafyuzi imodziimodzi. Fyuzi imene mukaizula babu lizima, ndiyo njira ya wakubayo. Kaŵirikaŵiri amakhala wailesi kapena chotchajira mafoni chimene wina analumikiza molunjika ku batire.

Batire lokhala ndi zitsekerero mulitsekule kamodzi pamwezi. Madzi aphimbe mapuleti a m'kati. Onjezerani madzi a batire okha, osati a pachitsime kapena a pamjigo, ndiponso osati asidi. Musasute fodya pafupi, chifukwa mpweya wotuluka m'batire umaphulika, ndipo asidi wake amaononga maso.

MAKHALIDWE ANAI OYENERA KULEKA

Loyamba ndi kumanga fyuzi yopsa ndi waya kapena ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Fyuzi ndi mlonda: imafa dala kuti mawaya asapse. Ikapsa kaŵiri pamalo amodzi, ikukuuzani kuti pena pake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo. Mukaimanga ndi waya, chimene chidzapse ndi galimoto, ndipo palibe katundu wogwira moto msanga ngati mabelo a fodya wouma. Bwezeranipo fyuzi ya nambala yomweyo. Pa mafyuzi a pulasitiki a mano aŵiri, yofiira ndi 10 amps, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriŵira 30.

Lachiŵiri ndi kuchotsa waya wa batire injini ikulira, ati pofuna kuona ngati alternator ikutchaja. Mayeso ameneŵa angathe kupsereza alternator imene inali yamoyo. Mita imakuuzani zomwezo popanda kuononga kanthu.

Lachitatu ndi kutengera batire la galimoto kunyumba kuti liyatse wailesi, kanema ndi nyali mpaka litheretu. Batire la galimoto analipanga kuti litulutse mphamvu yambiri kwa kamphindi, kenaka lidzazidwe msanga. Likamatheratu kaŵirikaŵiri, kapena likakhala lopanda moto masabata ambiri, mapuleti ake amauma ndipo silidzazanso bwino. Za kunyumba zili ndi batire lake la sola.

Lachinai ndi lija tinalizoloŵera kuno kumapiri: kugoneka galimoto pamtsetse kuti m'maŵa ingotsetsereka ndi kulira. Mapiri atipatsa ulesi. Kukankha kumabisa matenda, sikuchiza. Ndiponso pa galimoto imene mabuleki ake amathandizidwa ndi injini, injini ikakhala chozima mabuleki amauma. Taganizani galimoto yodzaza matumba itazima pakati pa makona a Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, sitata yosagwira, anthu atakhala pamwamba pa katundu. Pamenepo nkhani siikhalanso ya batire.

"IFE SINDIFE AMAKANIKO"

Ena mwa inu mudzati ntchito imeneyi ndi ya amakaniko, ndipo mlimi akamagwiragwira mawaya adzaononga zambiri. Mau ameneŵa ali ndi choona chake. Kumasula sitata, kusintha mabulashi a alternator, kapena kulumikizanso mawaya amene anapsa, ndi ntchito ya mmisiri, ndipo mmisiri wabwino ayenera kulipidwa bwino. Sindikuti mumulande ntchito. Koma kutsuka mutu wa batire, kumanga nati ndi kukanikiza lamba sikuposa kukonza sipuleya kapena njinga, zimene mumachita kale. Ndipo mukafika kwa makaniko mutayesa kale zisanu ndi chimodzi zija, mumamuuza chenicheni, iye sataya nthaŵi, inunso simulipira zongoyerekeza. Wina aliyense akakuuzani kuti mugule batire kapena alternator asanaikepo mita, mufunseni mwaulemu kuti ayeze inu mukuona. Safunsa anadya phula.

Zoona, batire nalonso limakalamba. Likatha zaka zingapo, kapena likatupa m'mbali, kapena likalephera kusunga moto mutalitchajitsa bwino ndi kutsuka zonse, ligulidwe lina. Koma kugula kukhale komalizira, osati koyambirira.

KWA INU AMENE MUMACHITA HAYALA

Ambiri mwa inu mulibe galimoto, koma zokolola zanu zimakwera ya wina. Nkhaniyi ikukukhudzani koposa, chifukwa galimoto ikafera panjira mwini wake amataya tsiku, koma inu mumataya thukuta la chaka. Mbatata ikakhala padzuŵa imabiriŵira ndipo ogula amaikana. Matimati ndi kabichi sizidikira. Fodya akagona panja m'nkhungu amakoka chinyezi, nachita chuku, ndipo ku okushoni amabwezedwa kapena kugulidwa motsika.

Tsono musanakweze thumba ngakhale limodzi, pemphani dalaivala azimitse injini ndi kuilizanso ndi kiyi inu mukuona. Onani kuti nyali zonse ziŵiri zakutsogolo, zakumbuyo ndi za mabuleki zikuyaka. Galimoto ya diso limodzi m'nkhungu ya pa M1 imaoneka ngati njinga yamoto, ndipo wobwera kutsogolo amaipatsa malo a njinga yamoto. Onani kuti batire ndi lomangidwa, osati longokhazikidwa. Dalaivala amene akwiya ndi mafunso otereŵa, mlekeni apite, funani wina. Makalabu agwirizane kuti galimoto yokankha isanyamule katundu wa mamembala ao.

Inu eni magalimoto, patulani Loŵeruka limodzi mwezi uno, msika usanafike pachimake. Tengani sipanala, soda, girizi ndi nsanza. Sungani m'galimoto mafyuzi apadera, babu loyesera, lamba wina ndi tepi yokulungira mawaya. Walira mvula walira matope: amene wagula galimoto wagulanso ntchito yoisamala. Tinalima bwino, tinakolola bwino. Tisalole kuti nati imodzi yadzimbiri iime pakati pa munda ndi msika.