KUWAWA KWA M'CIFUWA: KODI NDI KHASU KAPENA NDI MTIMA?

Inu eni mabanja, m'nyengo ya kugalauza ndi kuunga mizere mudzamva kawiri-kawiri wina pakhomo panu alikudandaula kuti m'cifuwa mwace muwawa. Yankho lathu la masiku onse ndi lakuti, "Ndi khasu limenelo, kagoneni." Nthawi zambiri yankho ili liri loona. Koma ine nditi kwa inu, musalinene musanayambe mwafunsa bwino, pakuti kulipo kuwawa kwina kumene kupha munthu tambala asanalire.

Kuwawa kwa minofu ndi nthiti kuli ndi malo ace. Wodwalayo aloza ndi cala cimodzi, nati, "Pano." Mukasindikiza pomwepo abuula, akatembenuka, kapena kukweza mkono, kapena kukoka mpweya wambiri, kubayako kukula. Patapita masiku owerengeka kuzirala. Koma kubaya kukadza pamodzi ndi kutsokomola ndi kutentha thupi, ganizani za cibayo, cimenenso cifuna cipatala.

Mtima nawonso ndi mnofu, waukulu monga nkhonya ya mwini wace, ndipo ugunda monga ka 100,000 tsiku limodzi, osapumula. Cakudya cace ndi mwazi umene udzera m'timitsempha tace-tace. Inu a madimba mudziwa ngalande imene yadzala matope: madzi apita ndithu pang'ono, okwanira tsiku la mitambo, koma dzuwa likaswa mtengo ndiwo zifota. Momwemonso timitsemphato ticepa m'kati ndi mafuta, makamaka mwa anthu acikulire, osuta fodya, odwala shuga, ndi a nthenda ya kuthamanga kwa mwazi. Munthuyo akakhala pansi mwazi ukwanira. Akagwira nchito yolimba uperewera, ndipo mtima ulira.

Sing'anga wa ku London, William Heberden, analongosola kulira kumeneku m'caka ca 1768. Anaona anthu ogwidwa m'cifuwa pokwera citunda, makamaka atangodya, ndipo akaima ciriri kuwawako kunaleka. Cizindikiro cimeneco sicinasinthe kufikira lero. Munthu wotere saloza ndi cala, iai. Aika dzanja lonse pakati pa cifuwa, nati pakulemera monga amsanjika thumba la cimanga, kapena amzenga ndi luzi. Kulemerako kukwera ku khosi, ku nsagwada, ku phewa, nikutsikira ku mkono, makamaka wamanzere. Akapumula mphindi zisanu kutha. Apa ndi pamene ambiri adzinyenga, nati, "Taonani, ndacira," natolanso khasu. Sanacire. Apite ku cipatala masiku omwewo, asalindire kupalira kuthe.

Tsono kulemerako kukapitirira mphindi 15 munthu ali khale, pamodzi ndi thukuta lozizira, mseru, kapena kubanika, yesani kuti ngalande yatsekeka konse. Pamenepo mnofu wa mtima ulikufa ora ndi ora, ndipo umene wafa suphukanso. Dziwaninso kuti akazi, nkhalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva kuwawa kweni-kweni. Angolefuka, nabanika, nayesa ndi cilungulira ca mbatata.

Nanga nkhawa? Munthu wosauka mtima ndi ngongole ya feteleza kapena maliro akhoza kugwidwa mwadzidzidzi ali cikhalire: mtima uthamanga, apuma mofulumira, zala ndi milomo zicita dzanzi, nayesa kuti alikufa. Zimenezi zikula msanga, ndipo kawiri-kawiri zizirala lisanathe theka la ora. Si kunama, ndipo musamseke. Koma pano ndilimbika mau: kuweruza kuti "ndi maganizo cabe" si nchito yanu. Ngakhale dokotala saweruza ndi maso okha. Alemba kugunda kwa mtima ndi makina ochedwa ECG, nayesanso mwazi. Kusindikiza ndi cala komwe kuja kuthandiza kuganiza, koma sikutsimikiza.

Ena adzati, "Tikapita pacabe titaya ndalama ya ulendo ndi tsiku la kumunda." Indedi mudzataya. Koma munda umene mwini wace wagona kumanda adzalima ndani? Ena ayamba athamangira kukatema mphini pa cifuwa. Mphini zitema khungu, sizifika pa mtsempha wotsekeka, ndipo maora amene atayika pamenepo ndi omwewo akadapulumutsa mtima.

Cifukwa cace sungani aspirin m'nyumba. Zizindikiro za mtima zikaoneka pa munthu wamkulu, mkhazikeni cotsamira, mummasule zobvala, ndipo atafune aspirin wa mamiligiramu 300, ngati sadana naye thupi ndiponso alibe zironda za m'mimba zokha mwazi. Asayende pansi, asapalase njinga yekha. Panganani lero lomwe ndi mnansi amene ali ndi ngolo, njinga yamoto kapena galimoto, kuti mukagogoda usiku adziwe cimene mwadzera.