Ofuna kompyuta ya magemu ayambe afunsa batire yao

Nyengo yogulitsa thonje, mpunga ndi nshawa ikafika kuno ku Malambo, m'manyumba ambiri mumabuka nkhani imene makolo athu sanaidziwe. Mnyamata amene wathandiza kupalira, kupopera mankhwala ndi kutola thonje afika kwa atate ake ndi pempho lakuti gawo lake la ndalama ligule kompyuta yocitira masewera, imene acicepere aicha ya magemu. Ena afuna kusewera cabe. Ena anaona ku Chipata tuntemba tomwe ana alipira kuti asewere mpira wa pa kanema, ndipo aganiza zotsegula kao.

Ife sitili m'gulu la anthu onena kuti cinthu cimeneci n'coipa. Tikumbuka bwino caka ca 2015 pomwe ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a phunziro la makompyuta, ndipo m'masukulu ena analemba mpaka usiku kamba kakuti makina anali ocepa. Mwana amene ali ndi kompyuta panyumba, ngakhale anaigulira masewera, zala zake zizolowera ndipo sacita nayo mantha. Cimene citidetsa nkhawa n'cakuti thukuta la caka cathunthu litha kuthera pa makina amene sangakhale m'cigwa cino.

Wogulitsa ku Lusaka adzakuuzani za liwiro la makina ndi nyali zake zamitundumitundu. Sadzakufunsani kuti kwanu malaiti muwatenga kuti. Koma kwa munthu wa kwa Jumbe, kwa Msoro, kwa Nsefu kapena ku Chikowa, funso loyamba ndi lomwelo.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Kompyuta yaikulu ya magemu, pamodzi ndi kanema wake, ikakhala pa masewera olemera imadya ma watts 300 kapena kuposa apo. Laputopu wamba imadya pafupifupi 60. Batire ya sola ya 100Ah, imene mabanja ambiri ali nayo, imasunga mphamvu yokwana ma watts 1,200 kwa ola limodzi. Koma batire ya mtovu siyenera kutsika kupitirira theka ngati mufuna kuti ikhalitse, ndiye kuti yogwiritsa nchito ndi 600 cabe. Gawani 600 ndi 300. Mupeza maola awiri, ndipo invata nayo idyako yake. Pambuyo pake nyumba ili mu mdima, mafoni alibe moto, ndipo amai sangamvere wailesi. Laputopu ija pa batire yomweyo ikhoza kuyenda maola 8. Tsono sola ya ma watts 100 pa tsiku la dzuwa labwino imabweza pakati pa 400 ndi 500, kutanthauza kuti zimene makina aakulu adya m'maola awiri, dzuwa la tsiku lonse silikwanitsa kubwezera.

Izi tinaziona ndi maso m'mphakati wina wa m'parishi yathu. Mnyamata wakhama ndithu anabwera ndi cimakina cokongola, cagalasi m'mbali, cowala ngati sitolo ya m'tauni. Atacilumikiza, invata inayamba kulira ndi kuzima. Anagula invata ina yaikulu, kenaka batire inafooka isanathe miyezi itatu. Lero cimakinaco cili pakona, cofunditsidwa citenje, ndipo ndalama zimene zikanagula mbewu zinapita.

Amene muli pa nthambo za ZESCO ku Mfuwe ndi pa boma musaganize kuti nkhaniyi sikukhudzani. Mu 2024 cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka, ndipo m'miyezi yotsatira madera ambiri anali kuona malaiti maola ocepa cabe pa tsiku. Kompyuta yaikulu ilibe batire m'kati. Malaiti akathima mwadzidzidzi nayo ithima, ndipo akabwera ndi mphamvu yopitirira akhoza kuiocha. Wogula makina otere awerengeretu mtengo wa UPS, kabokosi kosunga moto kwa mphindi zingapo, ndi pulagi yoteteza ku mphezi. Wa sola afunse invata yolembedwa kuti pure sine wave, cifukwa zochipa zija makompyuta ena sagwirizana nazo.

Cina ndi kutentha. Mu October kuno thupi la munthu limadziwa lokha kuti tapitirira madigiri 40. Makina a magemu amatulutsa kutentha kwao, ndipo akapuma mpweya wotentha kale, wodzala fumbi, amacepetsa liwiro okha kapena kuzima. Munalipira liwiro, koma m'nyumba ya malata masana simudzaliona. Makina odya moto pang'ono amatenthanso pang'ono.

Nanga wogula koyamba asankhe ciani? Ife tinena mosabisa kuti kwa ambiri a ife yankho ndi makina a salaula ocokera m'maofesi, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena Lenovo ThinkCentre, kapena laputopu ya mtundu womwewo. Sawala, koma anapangidwa kuti agwire nchito tsiku lonse, ndipo zipangizo zake amisiri a ku Chipata azidziwa. Pali zinthu zitatu zoyenera kuziona m'kati mwake.

Coyamba ndi purosesa, ubongo wa makina. Wogulitsa akangoti "iyi ndi Core i7", musakhutire. Funsani nambala yonse. Pa i5-8500, nambala 8 yotsatira kamzere isonyeza m'badwo wacisanu ndi citatu, umene unayamba kutuluka mu 2017. Pa i5-4570, nambala 4 isonyeza m'badwo wa 2013. Core i7 ya 2012 ikhoza kusiyidwa m'mbuyo ndi Core i3 ya zaka zaposacedwa. Nkhani ya m'badwo ili ndi cifukwa cina. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Mwa ici makina akale ambiri amene maofesi a kunja anawataya afika m'misika yathu pa mtengo wokopa. Ayenda ndithu, koma musawalipire ngati atsopano.

Caciwiri ndi RAM. Isacepere 8 GB, ndipo 16 GB ndiyo yabwino. Cacitatu, zinthu zisungidwe pa SSD, osati pa hard disk yakale yozungulira, imene icedwa ndipo siikonda kugwedezeka kwa m'misewu yathu.

Cotsala ndi graphics card, cipangizo cimene cimajambula zithunzi za masewera. Apa ndi pamene ndalama zimathera, ndiponso ndi pamene moto umathera. Masewera a mpira amene anyamata acha FIFA anasintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, ndipo a caka cimeneco anafuna RAM ya 8 GB, card ya GTX 1050 Ti ndi malo a 100 GB. Card imeneyi, pamodzi ndi inzake GTX 1650, imadya pafupifupi ma watts 75, pomwe zikuluzikulu zimadya 200 kapena 300 pazokha. Ilinso njira ya purosesa monga Ryzen 5 5600G ya kampani ya AMD, imene ili ndi mbali yojambula zithunzi m'kati mwake. Imayendetsa masewera opepuka bwino, ndi ena aakulu ngati mwalola kuti zithunzi zisakhale zosalala kwambiri. Uphungu wathu ndi wakuti yambani opanda card, muone ngati mwana akhutira, ndipo mudzaonjeze caka camawa mukakolola. Koma funsiranitu ngati bokosi la makinawo lili ndi malo ake, cifukwa timabokosi tating'ono ta m'maofesi sitilandira card iliyonse.

Tinenenso zoona kwa uja ofuna kantemba ka mpira. Ngati colinga ndi mpira wokha, PlayStation 4 ya salaula ikwanira, imadya moto wocepa kuposa kompyuta yaikulu, ndipo siivuta kuyendetsa. Kuipa kwake n'kwakuti simungalembepo kalata, simungasungepo maina a mamembala a kopaletivu, ndipo mwana wa sukulu saphunzirapo kanthu. Banja lisankhe likudziwa. Cimene tikana kotheratu ndi kutenga kaloba kuti mugule makina a masewera. Ndalama za ana osewera zimabwera pang'onopang'ono, mwezi wa January zimauma, koma wa kaloba sadziwa January.

Makolo ena atifunsa ngati masewerawa saononga mwana. Akhoza kutero. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kumwerekera ndi magemu ndi matenda. Ife a mpingo wa Katolika tili ndi Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV anamuika m'gulu la oyera pa 7 September 2025. Iye anali katswiri wa makompyuta ndipo anali kukonda magemu, koma anadziikira malire a ola limodzi pa mlungu. Sitinena kuti ana athu onse akwanitsa zimenezo. Tingoti malire apanganidwe makina asanalowe m'nyumba, ndipo makinawo akhale pa balaza pomwe onse aona.

Pa tsiku logula musapite nokha. Tengani mphunzitsi wa makompyuta wa pa sukulu yanu kapena munthu wina wodziwa, ngakhale mumlipirire basi. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene mwangoona cithunzi ca katundu wake pa Facebook. Makina ayatsidwe pamaso panu, ndipo mnzanu uja atsegule pomwe makina adzinenera okha purosesa ndi RAM, cifukwa kapepala komatidwa kunja aliyense akhoza kukamata. Masewera ayende kwa theka la ola kuti muone ngati makina atentha kapena kuzima. Ngati ndi laputopu, zulani nthambo muone kuti batire yake ikhala nthawi yotani. Pemphani kuti masewera akuikireni komweko, popeza kukoka ma GB ambiri otere ndi bando ya pa foni kudzakudyerani ndalama ina. Risiti ikhale ndi nambala ya makina ndi miyezi imene angakukonzereni mwaulere. Kumbukirani kuti kucoka ku Mfuwe kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 100, ndipo Lusaka ili makilomita ena oposa 500 kupitirira apo. Kugula ku Chipata pa mtengo wokwererapo pang'ono nthawi zambiri kumapulumutsa ndalama ya ulendo wobweza katundu.

Pobwerera, makina asakwere pamwamba pa basi pamodzi ndi matumba a fetereza, ngakhale kondakitala akakamize. Akulungeni m'bulangete ndi kuwanyamula pamiyendo mpaka kufika kwanu.