Makina akaima, madzi saima

Anzanga a mu Kuku ndi Chawama yonse, mvula ikabwera mudziwa nokha: madzi m'nyumba, ana kusukulu osapita. Kukumba ngalande kufuna ma excavator. Koma makina a manje si aja akale okonza ndi sipanala chabe.

Mkati mwake muli makompyuta angapo: ya injini, ya hydraulic, ndi sikirini ya woyendetsa. Amakambitsana kudzera pa mawaya awiri opota otchedwa CAN bus. Madzi akalowa mu pulagi, kapena khoswe akaluma waya, makina amakana kugwira ntchito pomwe injini ili bwinobwino. Makanika wodziwa amachotsa batire n'kupima pakati pa mawaya awiriwo ndi multimeter. Akapeza 60 ohms, mzere uli bwino. Akapeza 120, penapake paduka. Ndiye alumikiza laputopu kuwerenga ma code. Wosadziwa amangogula ma spare odula mongoyerekeza, ndalama n'kuthera pomwepo.

Boma linakweza CDF kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo m'menemo muli ma bursary ophunzirira maluso. Manje funsani: ndi achinyamata angati a kuno amene atumizidwa ku NORTEC ku Ndola kukaphunzira kukonza makina akuluakulu? Kugula excavator n'kujambulitsa nayo n'kosavuta. Nanga ikaima pakati pa Januwale, adzakonza ndani?

Pitani ku Ward Development Committee mukafunse mafomu a bursary. Auzeni kuti pogula makina agulenso laputopu yopimira, ndipo aphunzitse ana a mu komboni. Osadikira madzi afike m'mawondo.