PAKHOMO PATHU: Galimoto ya Waya wa Khola la Nkhuku

Takumananso pa tsamba lathu lino pomwe timakambirana za moyo wa m'banja. Chimanga chalowa m'nkhokwe, mphepo ya mwezi wa Juni yayamba kuluma kuno ku mapiri a Angonia, ndipo dzuwa likangolowa aliyense akufuna malo pafupi ndi moto. Iyi ndi nyengo imene ntchito ya kumunda yachepako, pamene mapesi, makoko ndi zitsononkho zili mbwee pakhomo paliponse. Mwezi uno ndati tikambirane za tinthu timene timapanga ndi manja athu pamodzi ndi ana aang'ono. Koma ndisanalangize wina aliyense, mundilole ndiyambe ndaulula kulakwa kwanga.

Tsiku lina nditagulitsa mbatatesi ku Ulongwe, ndinagulira mwana wanga wotsiriza, mnyamata wa zaka 6, kagalimoto kapulasitiki kofiira. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati bambo weniweni. Mwanayo anasangalala kwambiri, koma patangopita masiku atatu teyala limodzi linathyoka, ndipo panalibe njira yolikonzera. Kagalimoto kaja kanathera kuseri kwa nkhokwe.

Patatha sabata, ndinadzuka m'mamawa n'kupeza nkhuku zanga zonse zili m'dimba la mnansi wanga, zitamaliza mpiru wake. Poyang'ana khola, ndinaona kuti wina wasolola waya amene ndinamangira chitseko. Sindinavutike kufufuza. Mnyamata uja ndinamupeza kuseri kwa khitchini, atakhala pansi, akulimbana ndi waya uja kuti apinde galimoto. Ndinamulanda, ndinaponda kanthu kakeko ndi phazi, n'kukaponya padenga. Ndinati, "Ndinakugulira galimoto yeniyeni ndi ndalama zanga, waiononga. Tsopano wayamba kundigwetsera milandu kwa anthu!" Iye sanayankhe kanthu. Anangondiyang'ana, misozi ili chuchuchu, n'kulowa m'nyumba.

Usiku ana atagona, mayi a kunyumba anandifunsa modekha kuti, "Bambo, kodi mukukumbukira kuti mwanayu anakupemphani kangati kuti mumuonetse kapindidwe ka waya?" Ndinakhala chete. Iwo anapitiriza, "Katatu konse. Ulendo uliwonse munamuuza kuti achoke chifukwa mwatanganidwa. Ulendo wachitatu munali pa foni." Paja akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndipo maganizo anga anabwerera kwa malemu bambo anga.

Ambiri a inu mukukumbukira zaka za nkhondo, pamene anthu a dziko lino oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Banja lathu linawoloka malire m'chaka cha 1987 n'kukakhala m'boma la Dedza, ine ndili ndi zaka 7. Tinasiya munda, mbuzi ndi nyumba. Chimene bambo anga sanasiye ndi luso la m'manja mwawo. Ankadula bango kudambo, n'kuling'amba, n'kusoka mphasa zogulitsa kuti tipeze mchere ndi sopo. Ine ntchito yanga inali kusankha bango lofanana msinkhu ndi kuwagwirira chingwe. Ndikudziwa tsopano kuti ndinkawachedwetsa, pakuti kawirikawiri ndinkasokoneza chingwe chija, iwo n'kuyambanso kumasula. Komabe sindikumbukira tsiku ndi limodzi lomwe limene anandiuza kuti, "Choka apa."

Pa mphasa zimenezo m'pamene ndinaphunzirira za kwathu. Manja akusoka, bambo ankanditchulira mayina a azigogo athu, mitsinje ya kumudzi kwathu, malire a munda wathu, ndi nyimbo zimene ankaimba kutchalitchi asanathawe. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992, ife n'kubwerera chaka chotsatira, ndinafika m'mudzi umene ndinali nditauiwala ndi maso, koma ndinkaudziwa ndi makutu. Bambo anga analibe chondigulira, koma anandipatsa malo pambali pawo. Ine ndinali nditagulira mwana wanga chidole, malo pambali panga n'kumumana.

Kutacha ndinamuitana. Kulakwa kwake sindinakubise: tinapitira limodzi kwa mnansi uja kukapepesa, ndipo anandithandiza kumanganso chitseko cha khola. Koma nanenso ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, ndinalakwa kukuphwanyira galimoto yako, ndinalakwanso kukuthamangitsa pamene unkandipempha." Ena adzati bambo sapepesa kwa mwana. Ine ndaona kuti ulemu wanga pakhomo sunachepe ndi pang'ono pomwe.

Loweruka masana tinakhala pansi pa mtengo wa pichesi ndi waya wakale amene ndinapempha kwa wokonza njinga. Tinapinda thupi la galimoto pa mwala, tinaboola zotsekera mabotolo ndi msomali kuti zikhale mateyala, tinamanga mfundo zonse ndi mphira wodula ku chubu chakutha, ndipo chiwongolero tinachipanga ndi waya wautali wolowetsa m'bango. Galimotoyo inatuluka yopendekeka, teyala lina silinkafika pansi. Koma mpaka lero ikuyenda, ndipo ikathyoka mwini wake amadziwa pokonza, chifukwa anaona m'mene inamangidwira.

Chimene sindinayembekeze ndi ichi. Tili mkati mopinda waya, maso ake ali pa ntchito, mwanayo anayamba kundiuza kuti pali mnyamata wina wamkulu amene amamulanda chakudya pa njira ya kusukulu, ndipo wakhala akutero kwa miyezi iwiri. Ndinali nditamufunsa kambirimbiri kuti, "Kusukulu kuli bwanji?" Yankho lake linali limodzi, "Kuli bwino, ababa." Mwana ukamuimika patsogolo pako n'kumupanikiza ndi mafunso, amatseka pakamwa. Ukakhala naye pambali, nonse mukugwira kanthu kamodzi, mtima wake umatseguka wokha. Ichi ndicho chimene ndikufuna kuti kholo lililonse lowerenga tsamba lino litenge: phindu lalikulu la kupanga zinthu ndi ana silili m'chinthu chopangidwacho, lili m'nthawi imene mwakhala naye.

Malembo Oyera sanyoza ntchito zotere. Mayi wake wa Mose anapulumutsa khanda lake ndi kabokosi ka gumbwa kamene anakamata ndi phula. Hana ankasokera Samueli kamwinjiro chaka ndi chaka n'kukamupatsa ku Silo. Dorika wa ku Yopa atamwalira, amasiye anaonetsa Petro zovala zimene iye anasoka. Paulo ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila, ndipo Ambuye wathu mwini, anthu a ku Nazarete ankamudziwa ngati mmisiri wa matabwa. Ngati onsewa sanachite manyazi ndi ntchito ya manja, ifenso tisamaone ngati chidole cha dongo ndi chizindikiro cha umphawi chimene tiyenera kubisa alendo akabwera.

Tsono tiyambire pati? Tiyambire pa msinkhu wa mwana. Wa zaka 2 kapena 3 sangapange kanthu kooneka, ndipo tisamuyembekezere kutero. Mupatseni mbulumwa ya dongo lofewa kuti aikande, aikulunge, aiphwanye n'kuyambanso. Zala zake zikulimba, ndipo ndi zala zomwezo zimene mawa zidzagwire pensulo. Wa zaka 4 mpaka 6 angathe kuumba ng'ombe ndi timiphika, kuveka chitsononkho kansalu kotsala posoka kapulana kuti chikhale mwana wobereka kumbuyo, kupota nkhata ya udzu, kapena kukulunga majumbo akale n'kuwamanga ndi chingwe kuti akhale mpira. Akafika zaka 7 kupita m'tsogolo, muyambe kumuonetsa singano ndi ulusi, kupota chingwe cha khonje pa ntchafu, ndi kuluka nsungwi zimene inu mwasenda kale. Musasankhe kuti uyu ndi mnyamata, uyu ndi mtsikana. Mnyamata amene sadziwa kusoka batani adzavutika akadzapita kukaphunzira ku Tete, ndipo mtsikana wodziwa kukhoma msomali sadzadikira munthu kuti amukonzere mpando.

Za dongo ndinafunsa apongozi anga, amene aumba mbiya moyo wawo wonse. Iwo anati ana ambiri amakhumudwa chifukwa ng'ombe zawo zimang'ambika zikauma, ndipo chifukwa chake n'chakuti amaziyanika padzuwa. Dongo likamauma limanyala. Likauma msanga kunja pamene mkati muli chinyezi, limang'aluka. Choncho muziyanika pamthunzi kwa masiku angapo. Ngati dongolo ndi lomata kwambiri, sakanizanimo mchenga pang'ono kapena mapale osinja, ndipo chotsani timiyala tonse musanayambe kuumba. Likayamba kulimba, mwana alikulungize ndi kamwala kosalala ka kumtsinje kuti liwale. Mukafuna kuotcha, dikirani liume kotheratu, pakuti madzi otsalira mkati amasanduka nthunzi pamoto n'kuphulitsa chinthucho. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana amene wadikira sabata yathunthu kuti ng'ombe yake iume waphunzira phunziro limene mawu okha sakanamuphunzitsa.

Pali zina zoyenera kusamala, ndipo ndikupempha kuti tisazitenge mopepuka. Ife alimi a mbatatesi ndi ndiwo za m'dimba tili ndi mabotolo ndi zitini za mankhwala opopera mbewu. Zimenezi zisasanduke zidole ngakhale zitatsukidwa, chifukwa poizoni amatsalira. Mabatire akale musalole ana kuwaswa kapena kuwaika mkamwa. Zotsekera mabotolo, mikanda, nyemba ndi majumbo zikhale kutali ndi khanda lokwawa, pakuti likhoza kutsamwidwa kapena kubanika. Nsonga za waya muzizipindira mkati, ndipo mwana akabayidwa ndi waya kapena msomali wakuda, tsukani balalo ndi madzi oyera ndi sopo, n'kupita naye kuchipatala chifukwa cha matenda a kafumbata. Ana asapite okha kukakumba dongo m'mphepete mwa mtsinje, popeza gombe lokumbidwa pansi limagumuka. Mpeni ndi moto zikhale m'manja mwa wamkulu kufikira mwana atakhwima nzeru.

Ndikudziwa kuti wina akuti, "Nthawi yake ili kuti? Ine ndimadzuka tambala woyamba, ndimagona nditatheratu." Ndi zoona, makamaka kwa amayi. Koma sindikunena kuti tiwonjezere ntchito ina pa zimene tili nazo kale. Ndikunena kuti pa ntchito zomwe tikugwirazo, tisiye kampata ka mwana. Mukamazira nyumba, mupatseni kachigawo kake ka pakhonde. Mukamasoka chigamba, mupatseni kansalu kake. Mukamasema mpini, iye apale kamthiko kake ndi chibenthu cha mwala. Adzakuchedwetsani, adzadetsa zovala, ndipo chimene apange chidzakhala chokhota. Musachiwongole iye akuona, musachiseke pamaso pa abale ake. Mufunseni kuti akuuzeni chimene wapanga, ndipo muchiike poonekera m'nyumba.

Tisasokonezenso zinthu ziwiri. Kuphunzitsa mwana luso n'kosiyana ndi kumusenzetsa ntchito ya akulu. Mwana amene wajomba kusukulu kuti akagulitse malichero kumsika, kapena amene akuluka mpaka usiku kuti pakhomo papezeke ndalama, ameneyo akulandidwa ubwana wake. Sukulu ikhale patsogolo, ndipo mwana akatopa mulekeni akasewere phada ndi anzake.

Mawu amodzi okhudza foni, popeza ndi imene inandigwetsa ine. Masiku ano n'chapafupi kutonthoza mwana pomupatsa foni kuti aziona zithunzi. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti ana osakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa kanema kapena foni, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Koma vuto lalikulu m'nyumba zambiri ndi foni imene ili m'manja mwa ife makolo. Mwana amabwera ndi funso, ife maso ali pa kagalasi, ndipo akabwera katatu osalandiridwa, ulendo wachinayi amakafunsa kwina. Wanga anakafunsa ku khola la nkhuku. Wina akakula adzakafunsa kwa anzake a kumowa.

Kwa inu agogo amene mudakali ndi luso la kuumba mbiya, kusoka mphasa, kuluka madengu ndi mikeka, ndikuti musadikire kuti adzukulu akupempheni. Ziwiya za pulasitiki zadzaza m'misika yathu, ndipo m'midzi ina odziwa kuluka lichero atsala owerengeka. Mmera m'poyamba. Aitaneni lero, manja anu akadali ndi mphamvu.

Pomaliza, ndikusiyirani ntchito ya mwezi uno. Sankhani tsiku limodzi, ngakhale ola limodzi lokha, khalani pansi ndi mwana wanu, mdzukulu wanu kapena mwana wamasiye wa pafupi nanu, ndipo pangani naye kanthu kamodzi ndi zimene zili pakhomo panu. Musamufunse mafunso ambiri, ingomverani zimene adzayambe kunena. Ife kuno tikuumba ng'ombe zinayi ndi ngolo yake, ndipo pamene ndikulemba zino zikuuma pamthunzi kuseri kwa nkhokwe, pomwe panathera kagalimoto kofiira kaja.

Ambuye adalitse mabanja anu onse. Tidzakumananso mwezi wamawa.