Galimoto ya mawaya yalowa m'kompyuta

Amene tinakulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi tikuikumbuka galimoto ya mawaya. Unkatola waya, kudula mphira wa chubu, kusema matayala pa patapata wakutha, kenako n'kumaiyendetsa uli chiimire ndi chiwongolero chachitali. Ikathyoka sunkalira. Unkakhala pansi pa mtengo n'kuikonza. Mnzako akapanga yokongola, unkaitembenuza chagada kuti uone mmene wapindira waya, mawa lake iwe n'kubwera ndi yoposa pamenepo. Panalibe wobisa luso.

Izi zandibwerera Loweruka lapitali ku Mponela, nditapeza mwana wa mlongo wanga akuthamangitsa galimoto pa laputopu yakale. Ndinayamba kumudzudzula kuti akutaya nthawi. Iye anati, "Amalume, tabwerani muone kaye." Anatseka mpikisanowo, n'kutsegula fayilo ina yodzaza manambala, n'kusintha kulemera kwa galimotoyo. Atayambiranso, galimoto ija inkavuta kukhota pakona. Anandifotokozera chifukwa chake bwino lomwe, ngati makaniko wa pagalaja.

Masewerawa amatchedwa TORCS. Anawayamba mu 1997 anthu awiri a ku France, Eric Espié ndi Christophe Guionneau, ndipo anasankha kusabisa malangizo onse amene analemba kuti masewerawo ayende. Aliyense ndi wololedwa kuwawerenga, kuwasintha ndi kugawira anzake popanda kulipira. Mu 2008 anthu ena anatenga malangizo omwewo n'kupanga masewera awoawo otchedwa Speed Dreams, ndipo palibe anawatcha akuba, poti chilolezo chake chimalola zimenezo. Aliponso masewera ena otere, monga VDrift, komanso SuperTuxKart imene ana aang'ono amaikonda ndipo imaseweredwa ngakhale pa foni za Android.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti mu TORCS munthu angathe kulemba pulogalamu yoti iziyendetsa yokha galimoto: iziona pamene msewu wakhota, iziponda buleki, izisintha magiya. Ofufuza a m'mayunivesite akhala akugwiritsa ntchito masewera omwewa poyesa makompyuta odziphunzira kuyendetsa. Tangoganizani, chida cha akatswiri chili m'manja mwa mnyamata wa Fomu 3 ku Mponela! Liwiro, kulemera, kugwira kwa tayala pamsewu, zonse zija amaloweza m'kalasi pokonzekera mayeso, apa akuziona ndi maso.

Ena anena kuti izi n'za ana a m'tauni. Ayi. Konkuno ku Dowa, pa msasa wa Dzaleka umene unatsegulidwa mu 1994, Remy Gakwaya, wothawa kwawo ku Burundi, anayambitsa TakenoLAB n'kumaphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu. Ngati zatheka pamalo othinana ngati paja, ku Madisi, ku Mvera ndi ku Malomo zikanike bwanji?

Magetsi ndi ovuta, bandulo ndi yodula, izi sindikukana. Koma masewerawa ukawatsitsa kamodzi, umawaika pa fulashi n'kuzungulira nayo sukulu khumi, osafunanso intaneti. TORCS imayenda ngakhale pa kompyuta zakale. Chimene chimandiwawa ndi sukulu ina imene ndinafikako chaka chatha. Makompyuta ake anali ofunditsidwa nsalu, chitseko chokhoma, ati ana angawononge. Fumbi lokha ndilo linali kuwagwiritsa ntchito.

Mwana wa mlongo wanga uja ali ndi loto: akufuna kujambula msewu wotsika ku Mvera kulowera ku Salima, ndi makona ake onse, kuti ulowe m'masewerawo. Akuti anthu a kunja aziona mapiri athu akamapikisana.

Aphunzitsi akulu a m'maboma a Dowa ndi Ntchisi, chonde tsegulani zipinda za makompyuta, ngakhale masana amodzi pa sabata. Ikanimo masewerawa, ndipo mwana akamaliza mpikisano, muuzeni atsegule fayilo ya galimotoyo aone zimene zili m'kati.