Pogona pasamasankhidwe usiku

Sukulu zikatsekera, mabanja ambiri amakwera minibasi kulowera ku Balaka ndi ku Machinga, ena kukaona abale kumudzi, ena kukaonetsa ana njovu ndi mvuu ku Liwonde National Park. Chodandaulitsa n'chakuti nkhani ya pogona amaiyamba dzuwa litalowa kale, katundu ali pamutu, ana akulira njala. Mapeto ake amakagwera m'resitihausi yogundana ndi bala, chimkuzamawu chili pakhutu mpaka tambala woyamba.

Banja lomwe cholinga chake ndi kuona nyama likuyenera kugona pa Liwonde. Chipata cha kummwera kwa paki chili pa mtunda wa makilomita ochepa chabe kuchoka m'tauniyi, ndipo nyama zimaoneka bwino m'mamawa kusanatenthe. Wogona kutali amafika dzuwa litakwera, nyama zitabisala m'mithunzi, n'kumati paki mulibe kanthu. Chonsecho pakiyi, yomwe idakhazikitsidwa mu 1973, idasintha kwambiri kuchokera pomwe bungwe la African Parks lidayamba kuiyendetsa mu 2015. Mu 2018 adabwezeretsamo mikango, ndipo Mmalawi amalipira ndalama yocheperapo pachipata kusiyana ndi mlendo wakunja. Pa Liwonde pomwepo ndi pomwe pali chipatala chachikulu cha boma la Machinga, msika, komanso Kamuzu Barrage, yomwe ana ambiri amangoimva m'kalasi.

Koma Liwonde ili m'mbali mwa Shire. Udzudzu ndi wosayamba, ndipo chipinda chopanda neti si chotchipa ngakhale mtengo wake utatsika chotani, pakuti malungo a mwana adzadya zonse zomwe zidapulumutsidwazo. Malo ogona oyang'ana kumtsinje ndi okongola, inde, koma ng'ona sizidziwa kuti uyu ndi mlendo.

Tauni ya Balaka imayenera amene ali ndi zochita pa boma, kapena abale ku Phalula ndi ku Utale. Galimoto zopita ku Liwonde sizisowa, kotero munthu atha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Kumudzi nakonso nkwabwino, ndipo mwana wokulira m'tauni amaphunzirako zambiri kwa agogo ake ku Ntaja, ku Nsanama kapena ku Ulongwe. Komabe alendo asanu ndi mmodzi akagona sabata yathunthu m'mwezi wa Januwale, nkhokwe ili pululu, amasiya njala pakhomo. Eni khomo sanganene, mwambo suwalola. Mlendo wanzeru amanyamula ufa, sopo ndi neti yakeyake, kapena amaswera kumudzi n'kukagona pa malo ochitira malonda apafupi.

Makhonsolo a Balaka ndi Machinga nawo ali ndi gawo lawo. Amatolera ndalama za ziphaso kwa eni malo ogona, choncho aziyendera malowo kukaona zimbudzi, madzi, maneti ndi maloko a zitseko. Mayi wotsika basi pa Mangochi Turn-off ndi ana atatu nthawi ya 7 koloko usiku sayenera kudalira wakabaza yekha kuti amuuze komwe kuli chipinda chabwino.